Foni ya Alamu Ikufunsa Mwini Wake

Turffontein, Joni
10 Marichi 2024

Okondedwa amake Maziko,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Chirimbako, inu ndi mwana? Nanga amayi ku Nkolokosa, miyendo ija ikuwalola kupita ku Mvano? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga.

Musadabwe kulandira kalata ya pamanja ngati nthawi ya makolo. Foni yanga inapita. Loweruka la sabata yatha, tikuchokera kopenta nyumba ina ku Rosettenville, anthu atatu anatiimitsa pa kanjira ka kuseri kwa sitolo ya matayala, dzuwa likuswa mtengo. Anatenga foni ndi kachikwama ka maburashi. Paja ndinakuimbirani Lolemba pa foni ya mnzathu wa chipinda choyandikana nafe, koma mwini foni ataima pomwepo munthu sungalankhule zambiri. Ndiye ndapempha a Yunus, amene amanyamula katundu wa anthu pa lole kupita ku Blantyre, kuti azinditengera makalata. Amatsitsira pa Wenela, akafika azikuimbirani. Yankho muziwapatsa omwewo.

Tsopano za achimwene anu a Kingsford. Ndinakuuzani kuti avulala pang'ono. Ali m'chipatala, anawasoka m'mutu, kumbuyo kwa khutu. Akulankhula, akumwa phala, dzulo anafika pomuuza nesi kuti tiyi wake ndi madzi otsukira makapu. Inu mukuwadziwa alamu, akayamba kunyoza tiyi ndiye kuti moyo ulipo. Kungoti nthawi zina mawu amawathawa pakati pa nkhani, n'kungokhala duu, maso ali kukhoma. Adokotala akuti tidikire. Amayi musawauze kaye za kusokedwako, muwauze kuti anagwa pa makwerero.

Foni yawo inapulumuka, chifukwa tsiku limenelo anaisiya pa chaji m'chipinda. Lachisanu anandituma kuti ndiwabweretsere. Atailandira anati, "Alamu, tatulukani pang'ono, mukoke katani." Ndinakaima pakhonde la wodi. Nditabwerera anandipatsa foniyo n'kunena kuti, "Ndajambulamo mawu opita kwa amayi. Muisunge. Nambala yotsegulira ndikuuzani mawa, lero mutu ukuzungulira." Dzulo ndinaiwala kufunsa, iwonso sanakumbuke. Palibe changu, akatuluka adzatumiza okha.

Ndatumiza mafuta ophikira, shuga ndi nsapato za kusukulu za Maziko. Zikamukulira musasinthitse, phazi likukula. Mpopi wa panja uja muitane munthu aukonze, madzi asamangotayika.

Mutipempherere.

Ine mwamuna wanu,
Stafford


Turffontein
7 Epulo 2024

Amake Maziko,

Landirani moni, ngakhale moni wake ndi wolemera. Ndikhulupirira mwayamba kupezako mphamvu. Amayi akudya? Ine m'thupi muli bwino.

Pepani kuti sindinabwere ndi maliro. Mukudziwa kuti masiku a m'pasipoti yanga anatha kalekale. Ndikanatuluka pa Beitbridge akanandidindira zoti ndisabwererenso, ndiye inu ndi mwana mukanadya chiyani? Ndi zimene ndinadziuza. Anzathu a bungwe la maliro la Amalawi kuno anagwira ntchito, sindingawaiwale. Suti imene munawaona atavala ndinawaveka ndine, ndi tayi yofiira ankavala pa Mgonero ija. Kolala inandivuta, mpaka mkulu wina anandilandira.

Anatisiya Lachitatu pa 13 masana, ine ndili ku ntchito. Pofika Lolemba anali atasiya kale kulankhula. Nambala ija sanandiuze.

Mundilembere zonse: analalikira ndani, a kwaya anaimba ziti, manda ali chapati. Pa foni ya eni ake munangoti zinayenda bwino.

Mwafunsa chifukwa chake foni sinali m'sutikesi pamodzi ndi zovala. Ndinaisunga dala. Ndimaopa kuti ingasowe pa njira, komanso ndikufuna ndiitsegule kaye, kuti amayi adzalandire mawu a mwana wawo osati chitsulo chabe. Ndimaitchaja tsiku lililonse. Ikayaka pamaoneka chithunzi cha amayi atavala za Mvano pakhomo la tchalitchi, pansi pake n'kumafunsa manambala anayi. Yalirapo kawiri. Kuyankha imalola ngakhale ili yokiya. Woyamba anali mzungu wina wofuna kupentetsa mpanda. Akuti, Kingsford ali kuti, anandilonjeza Lachiwiri. Ndinangoti sabwera. Kachiwiriko sindinayankhe, ndinangoiyang'ana mpaka inasiya yokha.

M'chipinda muno zonse zili m'malo mwake. Ovololo yawo ikadali pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ndikatsegula mofulumira imagwedeza mikono. Abwana andipatsa rola yawo yopentera, akuti ndi yabwino kuposa yanga. Chogwirira chake chinadyeka motsata dzanja lawo, langa silikhalapo bwino.

Mwati chimanga cha kuphiri kuja chapsa ndi dzuwa. Kololani chomwe chilipo, ngakhale tating'onoting'ono, ndipo musagulitseko.

Ine,
Stafford


Turffontein
28 Epulo 2024

Amake Maziko,

Moni kwa inu, kwa Maziko ndi kwa amayi. Kalata yanu ndalandira, zikomo pondilembera za maliro mwatsatanetsatane. Chifuwa cha mwana mwanenacho musachilekerere, kukuyamba kuzizira. Ine ndili bwino, kungoti chakudya sichikutsika bwino.

Mwati munawauza amayi za mawu aja, ndipo tsiku lililonse akumafunsa ngati a Yunus afika. Ndikanakonda mukanayamba mwadikira. Khalani pansi muwerenge bwino.

Ndinayesa kutsegula ndekha. Ndinaika chaka chobadwa alamu, chaka chobadwa amayi, chaka chimene anamwalira akazi awo, nambala ya nyumba ya ku Nkolokosa. Foni inayamba kundiuza kuti ndidikire mphindi imodzi, kenako zisanu, kenako ola lathunthu. Ndiye Loweruka lina ndinapita nayo kwa Mahmud, mmwenye wokonza mafoni pafupi ndi pokwerera mataxi. Anaitembenuzatembenuza n'kunena kuti njira ndi imodzi, kuifulasha. Chingerezi chake ndi chothamanga. Ine ndinamva ngati akuti aitsegula.

Sizinatenge nthawi. Pamene amandibwezera, chithunzi cha amayi panalibe. Foni inali mbee ngati yochokera m'bokosi, ikundipatsa moni m'zilankhulo za mitundumitundu. Kufulasha ndi kufufuta zonse, amake Maziko. Zithunzi, manambala, mawu aja.

Ndipo sinatsegukebe. Titadinadina inafika pena n'kuima. Palembedwa kuti foni iyi yafufutidwa, kuti mupitirire lowetsani akaunti imene inali muno kale. Ikufuna imelo ya alamu ndi mawu ake achinsinsi. Mahmud akuti loko ameneyu anaikira akuba, kuti munthu akaba foni n'kuifufuta isamugwirire ntchito mpaka mwini wake abwere. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, foniyi ndi yako? Ndinatulutsa pepala la ku chipatala losonyeza imfa. Anawerenga, n'kupepesa, n'kundikokera mpando. Koma foniyo siwerenga mapepala. Kwa iyo ine ndine wakuba basi.

Akuti alipo anthu amene amathyola loko wotere, foni n'kumagwira ntchito, koma za alamu sizingabwererenso. Ndakana. Akutinso mafoni amenewa nthawi zina amasunga zinthu za munthu ku akaunti yake, kutali, osati m'foni mokha. Tikalowa ndi akaunti yeniyeniyo mwina zina zibwerera. Ndinafunsa kuti, ndi mawu omwe? Anati mwina. Ndagwira pa mwina ameneyo.

Imelo yawo sindiidziwa. Alamu sankalemberana ndi munthu pa imelo. Ndikukumbuka ankanena kuti anawatsegulira ndi munthu wa m'sitolo ya mafoni ku Limbe, asanabwere kuno mu 2017. Mahmud wayesa kufufuza ndi nambala yawo ya kuno, sizinatheke. Akuti iyenera kuti inamangiriridwa ku nambala yawo yakale ya kumudzi. Chonde pitani ku Nkolokosa mukaifufuze, pamodzi ndi simukhadi yake ngati ilipo. Muyang'ane m'chitini cha mabisiketi chimene amayi amasungamo makadi a ubatizo.

Amayi muwauze kuti foni ili kokonzetsa. Si bodza kwenikweni.

Ndatumiza mabulangete awiri, lofiirira ndi la amayi.

Stafford


Turffontein
19 Meyi 2024

Amake Maziko,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti Maziko wachira ndipo wabwerera kusukulu. Kuno chisanu chayamba kuluma, penti ikuchedwa kuuma, ifenso tikuweruka mochedwa.

Mwagwira ntchito. Nambala munaipeza kuchikuto kwa buku lawo la nyimbo ija ndi yomweyo. Mahmud atailowetsa pamodzi ndi dzina la alamu, makina anavomera kuti akauntiyo ilipo, ndipo anatumiza meseji ya manambala asanu ndi imodzi ku nambala imeneyo. Tikapeza manambalawo chitseko chatseguka. Mtima unagunda ngati ndaona munthu amene ndimamudziwa pakati pa chigulu.

Koma simukhadi munaipeza m'chitini ija mwati ndi yakufa. Mahmud akuti nambala ikakhala zaka osagwiritsidwa ntchito amaipereka kwa munthu wina. Tinaimba nambalayo pa foni ya Mahmud. Inalira. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza, koma pamene inkalira ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Anayankha ndi mayi, kumbuyo kukumveka phokoso la msika. Anati dzina lawo ndi Afisa, amagulitsa zitenje mu msika wa Limbe, ndipo nambalayo akhala nayo zaka zinayi. Nditangotchula za meseji ndi manambala anandidula. "Inu a ku Joni inu, mwayambanso? Anandipusitsapo kale anzanu, ndinalira sabata yathunthu. Manambala anga sindipatsa munthu." N'kutseka. Kuimbanso, osayankha.

Sindikuwada. Akuchita zimene aliyense amalangizidwa. Paliponse pamene ndagogoda akunditenga ngati wakuba, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chomveka.

Ndiye ndikupempheni, mupite nokha ku Limbe. Mukafunse ku mzere wa zitenje, mayi Afisa. Mutenge pulogalamu ya maliro ili ndi chithunzi ija, ndi buku la nyimbo lomwelo aone nambala yawo yolembedwa ndi dzanja la alamu. Musakawakakamize. Mukagule kaye chitenje chimodzi, mukhale pansi, mufotokoze.

A landilodi akufuna kulowetsa munthu wina pa bedi la alamu. Ndawapempha adikire mwezi uno uthe. M'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito ndimayatsa foni ija. Ndimadziwa chimene ilembe, komabe ndimayatsa. Imafunsa mwini wake, ine n'kuizimitsa, n'kunyamula rola yawo, n'kumapita. Ndimazungulira njira yaitali ya ku msewu waukulu, ya ku matayala ija ndinasiya.

Denga la kukhitchini lidikire, tidzaona mvula ikayandikira.

Stafford


Turffontein
16 Juni 2024

Amake Maziko,

Moni. Ndikhulupirira nonse mwadzuka bwino. Ine chimfine chinandigwira masiku atatu koma chapita.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, kachitatuko ndili chiimire panja chifukwa m'chipinda munandichepera. Mwati ulendo woyamba mayi Afisa anakana ngakhale kuyang'ana pulogalamu, koma mutatchula dzina loti Kingsford anasiya kupinda chitenje. Mwati anakuuzani kuti kuyambira mwezi wa Marichi pali gogo wina amene amaimba pa nambala yawo, kawiri kapena katatu pa sabata, nthawi ya chakudya chamasana. Sapereka moni. Amangoti, "Kingi, wadya?" n'kukhala chete kumvetsera, kenako n'kutseka. Iwo ankayesa wamisala, mpaka anasiya kumukalipira, n'kumangoyankha kuti, "Ndadya, amayi."

Amake Maziko, ine sindinkadziwa kuti amayi anasungabe nambala yakale ija m'kafoni kawo. Inu munkadziwa? Mumakhala nawo pafupi, mumawaona akuseka ndi alendo, akupita ku Mvano. Ndiye masana akatsala okha amaimbira mwana wawo.

Munachita bwino kupita nawo ulendo wachiwiri, ngakhale minibasi ya ku Limbe ndi miyendo yawo ija sizigwirizana. Mwati amayi atangoti "Muli bwanji," mayi Afisa anagwira pakamwa n'kuyamba kulira pakati pa msika, ndipo anawakhazika pa mpando wawo iwo n'kukhala pansi. Mukawathokoze m'malo mwanga. Ndaika nsalu ya tebulo m'katunduyu, ndi yawo.

Tipange chonchi. Loweruka pa 29, teni koloko m'mawa, mukhale muli pa benchi yawo. Ine ndidzakhala kwa Mahmud, adzakuimbirani pa foni yake. Meseji ikangolowa mudzatiwerengere manambalawo msanga, akuti sakhalitsa, amafa pakapita mphindi zochepa. Mwina adzatumiza kawiri, yoyamba yotiuza imelo, yachiwiri yosinthira mawu achinsinsi. Amayi asadzabwere, tisawapatse chiyembekezo chimene sitinachigwire m'manja.

Kumapeto kwa kalata yanu mwafunsa kuti tsiku lija ine ndinavulala pati, poti sindinanenepo. Sindinavulale. Mwafunsanso chifukwa chake sindikugula foni ina, miyezi itatu tsopano, pamene zotchipa zilipo. Ndigula. Izi tidzakambirana bwino.

Maziko mumuuze kuti ndaona malikisi ake a masamu, apitirize.

Stafford


Turffontein
14 Julayi 2024

Amake Maziko,

Moni kwa nonse. Pepani kuti ndachedwa kulemba, a Yunus anabwera n'kubwerera ine ndisanagwire cholembera. Ndili moyo.

Munamva nokha pa foni tsiku lija kuti manambala analowa. Mahmud anati tidikire masiku atatu, chifukwa mawu achinsinsi akangosinthidwa foni imakayikirabe. Lachitatu ndinapempha kuweruka msanga. Analowetsa imelo, analowetsa mawu atsopano aja, kagudumu kanazungulira, kanazungulira, kenako foni inatseguka. Mahmud anawomba m'manja.

Zabwerera ndi izi. Zithunzi zilipo zambiri, koma zikulekeza mu Okutobala chaka chatha, akuti malo osungira anadzaza. Muli nyumba zimene tinapenta, muli Maziko ali wakhanda, muli inu pa ukwati wathu mukuseka mutatseka maso. Manambala a anthu abwerera onse.

Mawu aja mulibe. Mahmud anafufuza paliponse, mpaka anatseka sitolo kuti asasokonezedwe. Akuti chojambulira mawu chimasunga m'foni momwemo, sichitumiza kwina. Anapita tsiku lija tinafulasha. Sadzabweranso, kaya tipite kwa ndani.

Sindikudziwa kuti amayi muwauza bwanji. Zithunzi ndikatsukitsa zina ndikutumizireni, mwina zingawagwire mtima pang'ono.

Ndakhala ndikuwerenga maina a m'foni monga anawalembera eni ake. Inu analemba "Chemwali Khrisi." Bambo anu, amene anamwalira zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, nambala yawo ikadalimo, analemba "Bambo" basi. Ine analemba "Alamu Liwiro." Mukukumbuka chiyambi chake. Tili pa chibwenzi anatipeza pa siteji ya Chichiri titagwirana manja, ine n'kuliyatsa liwiro mpaka ku sitediyamu, kukusiyani nokha muyankhe mlandu. Anandiseka nazo mpaka pa ukwati. Kuno sananditchulepo dzina limenelo ngakhale kamodzi, ndinkayesa anaiwala.

Lachitatu lapitali, pa 10, ndili pamwamba pa makwerero, foni inalira m'thumba kulira kwachilendo. Nditayang'ana palembedwa kuti, "Mankhwala a BP a amayi. Kumbutsa Khrisi." Anaitchera kuti izilira pa 10 mwezi uliwonse, ndipo zabwerera pamodzi ndi akaunti. Ndinatsika, ndinakhala pa chigubu cha penti, abwana mpaka anafunsa ngati ndadwala. Ndiye ndikukukumbutsani, amake Maziko. Mankhwala a amayi.

Munthu uja walowa pa bedi la alamu. Ndi wa ku Mulanje, waulemu. Ovololo ndaipinda, ndaika pansi pa pilo wanga.

Stafford


Turffontein
21 Julayi 2024

Christina,

Moni. Za thanzi ndilibe chonena, ndili monga ndinalili. Kalata iyi muwerenge muli nokha, mwana ali kusukulu.

Munandifunsa mafunso awiri ndipo ndinawazemba. Foni sindikugula chifukwa pa foni mungamve mawu anga. Pa pepala munthu umasankha choti ulembe.

Tsiku lija pa matayala zinayenda chonchi. Mmodzi anandiloza mpeni, ndinapereka foni ndi chikwama osalimbana. Anatembenukira kwa alamu, akuti foni. Alamu anati ndilibe, ndaisiya kunyumba. Ankanena zoona, koma sanawakhulupirire. Anayamba kuwapisa m'matumba, alamu n'kumukankha mmodzi. Wina anatola chitsulo pa mulu wa zinyalala. Pamenepo onse atatu anali atandifulatira. Pansi panali njerwa, ndinaziona. Alamu anaitana kuti, "Alamu!" kamodzi kokha.

Ndinathawa, Christina. Ndinathamanga mpaka ku msewu waukulu. Kumeneko kunali anthu, kunali alonda a pa filing'i siteshoni, koma sindinakuwe. Ndinaima pafupi ndi mpope wa mafuta ngati munthu wodikira taxi. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Pamene ndimabwerera ndinawapeza atakhala chotsamira khoma, dzanja lili kukhutu, magazi akutsikira m'kolala. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwabwera?" Basi. Masiku onse a m'chipatala sanaitchulenso nkhaniyo, inenso sindinaiyambe.

Chachiwiri ndi ichi. Ndinakulemberani kuti pamene ankajambula mawu ndinakaima pakhonde. Pakhondepo ndinapita pambuyo pake. Poyamba ndinaima kuseri kwa katani, ndipo ndinamva. Anati, "Amayi, ndi ine Kingi. Musadandaule, akundisamala." Anakhala chete nthawi yaitali monga ankachitira. Kenako anati, "Mtengo wa mapeyala uja musadule, ngakhale a kuseri akudandaula masamba." Anaseka pang'ono. Kenako anati, "Tsono za a Stafford." Nditangomva dzina langa miyendo inanditenga. Ndinapezeka ndili pakhonde, ndikuyang'ana magalimoto. Analankhula mphindi zina zingapo ine kulibe.

Sindikudziwa chimene ananena. Mwina anati a Stafford anandithawa. Mwina anati musawaimbe mlandu. Mwina ankangonena za katundu woti nditumize. Mwezi wathunthu ndinayenda ndi foni ija m'thumba, ndikuyesa manambala, theka la mtima likupemphera kuti itseguke, theka likupemphera kuti isatseguke.

Ndipo kwa Mahmud sindinanamizidwe. Chingerezi ndimachimva, ndakhala kuno zaka zisanu. Anandifunsa kawiri, pang'onopang'ono, akuwerenga pa zala: zithunzi zipita, manambala apita, mawu apita, ukuvomera? Ndinagwedeza mutu. Ndinavomera ndikudziwa.

Atangondibwezera ili mbee, m'pamene ndinazindikira kuti ndapha munthu kachiwiri, ndipo ndikanapereka chilichonse kuti ndimve, ngakhale atakhala kuti ananditukwana. N'chifukwa chake ndinakuvutitsani ndi maulendo a ku Limbe. Ndinayendetsa amayi pa minibasi, ndinaliza mayi wosalakwa pakati pa msika, kufunafuna chinthu chimene ndinataya ndekha. Foni ija pondiyesa wakuba sinalakwitse.

Sindikupempha kuti mundikhululukire, anali achimwene anu, anakulerani. Ngati amayi ayenera kumva izi kapena ayi, mwini nkhani ndinu. Chimene munganene ndichita.

Stafford


Turffontein
25 Ogasiti 2024

Amake Maziko,

Moni kwa inu, kwa mwana ndi kwa amayi. Ine ndilipo.

A Yunus anabwera maulendo awiri opanda kanthu, ndipo sindinadabwe. Dzulo andipatsa katsamba kanu. Ndi mizere isanu ndi umodzi, ndaiwerenga mpaka ndaloweza.

Mwati munawawerengera amayi kalata yonse osadumpha. Mwati kenako anati, "Munthu amene anamva mawu omaliza a mwana wanga ndi mmodzi. Abwere adzandiuze ndi pakamwa pake, pepala silinamve kanthu."

Ndikubwera. Abwana ndawatsanzika, ntchito ndimaliza Lachisanu. Ndikudziwa kuti pa Beitbridge akandidindira zoti ndisabwererenso, zilibe kanthu. Ndinyamuka Loweruka pa lole ya a Yunus, tikayenda bwino tifika Lachiwiri kapena Lachitatu. Foni ndibwera nayo, ndi ovololo, ndi rola. Ntchito yopenta ku Blantyre siisowa.

Za inu simunalembepo kanthu, ndipo pansi munangosaina dzina lanu la kwanu. Ndaona. Simunanene ngati ndifikire ku Chirimba, inenso sindifunsa. Ndikatsika ndilunjika ku Nkolokosa. Mukandifuna mukandipeza kumeneko, mukapanda kubwera ndidzamvetsa. Maziko yekha ndikupempha ndidzamuone, ngakhale pa geti la sukulu.

Mawu aja ndi ochepa, sakwana ndi mphindi imodzi. Sabata yonseyi ndakhala ndikuwanena mokweza ndikamapenta, ndi malo amene anakhala chete, ndi pamene anaseka, mpaka pamene anatchula dzina langa. Ndikufuna ndikawauze amayi monga anatulukira, ndikalekeze pamene ndinalekeza kumva, osawonjezerapo ngakhale liwu limodzi langa.

Ine,
Stafford